Pakhomo pa Bwenzi Lakale ku Dambwa

Mawu otitsogolera: Machitidwe a Atumwi 20:13 mpaka 21:16

 Amene muli ndi Baibulo, muwerenge ndime zimenezi madzulo ano banja lonse lili pamodzi. Ife pano tingofotokoza nkhaniyo m'mawu athu, kenaka tione chimene ikutiuza pa nyengo ino.

Mwezi wa Disembala wafika. Mvula yagwa, chimanga chamera, khasu silikupuma. Komabe ino ndiyo nyengo imene mabasi amadzaza. Ena a ife tikukonzeka kukaona ana ku Lusaka, ena ku Migodi, ndipo pali ena amene ulendo wawo ukafika mpaka ku Livingstone, kumalire ndi dziko la Zimbabwe. Kuchokera ku Chipata mtunda wake umapitirira makilomita 1,000. Munthu amadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, n'kuwoloka mlatho wa Luangwa, n'kufika ku Lusaka atatopa kale. Kuchoka apo ndi Kafue, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo, Zimba, ndiye n'kufika.

Mwina wina angafunse kuti anthu akwathu kuno Kum'mawa anakafika bwanji kutali chomwecho. Livingstone ndi mzinda wakale. Mlatho wa njanji wowoloka Zambezi pafupi ndi mathithi unatha kumangidwa mu 1905, ndipo kuyambira 1911 mpaka 1935 likulu la dziko lino linali kumeneko, lisanasamukire ku Lusaka. Kunali ntchito za boma, za upolisi, za njanji ndi zocheka matabwa ku Zambezi Sawmills. Pambuyo pake kunabwera mafakitale, kuphatikizapo ija yolumikiza magalimoto a Fiat. Anyamata ndi atsikana amene tinkalima nawo, amene tinkaimba nawo kwaya, anapita kukagwira ntchito zotere. Mafakitale ambiri anatsekedwa, ntchito zinatha, koma anthu anali atakwatira kale, atamanga, ana atabadwira komweko. Lero mukalowa mu Maramba, mu Libuyu, mu Linda kapena mu Dambwa, mumva Chinyanja chikuyankhulidwa pamodzi ndi Chitonga ndi Chilozi. Dambwa yokhayo ndi komboni yaikulu, yokhala ndi zigawo monga Dambwa North, Dambwa Central ndi Dambwa Site and Service. M'nyumba zina za kumeneko muli anthu amene angakuitaneni ndi chiwongo chanu musanadzitchule dzina.

Funso lathu lero ndi ili: mkhristu akamayenda ulendo wa chikondwerero, n'kumadutsa kumene kuli abwenzi ake akale, ayende bwanji? Alowe bwanji pakhomo, akhale bwanji, atsanzike bwanji?

Mtumwi Paulo anayendapo ulendo wotere. Luka akutiuza kuti Paulo ankafulumira kuti akafike ku Yerusalemu tsiku la Pentekoste lisanakwane. Chinali chikondwerero chachikulu, ndipo nthawi inali yochepa, monga momwe imachepera kwa ife amene tasiya udzu m'munda. Koma mukatsata ulendo wakewo pa mapu, mupeza kuti unali ulendo wa khomo ndi khomo. Ku Mileto anakumana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso. Ku Turo anakhala masiku 7. Ku Tolemayi anakhala tsiku limodzi. Ku Kaisareya anakhala masiku angapo m'nyumba ya Filipo. Pomaliza anaperekezedwa kunyumba ya Mnasoni wa ku Kupro, mmodzi mwa akhristu oyambirira.

Tiyambe ndi zimene zinachitika ku Efeso ndi ku Turo. Paulo anali atakhala ku Efeso zaka pafupifupi zitatu, ndipo ankadziwa kuti akangolowa mumzindawo sangatuluke msanga. Anaganiza zoulambalala. Koma sanadutse mwakachetechete ngati munthu wothawa ngongole. Atafika ku Mileto anatumiza uthenga kuti akulu a mpingo abwere adzakumane naye. Ku Turo chombo chinaima kuti chitsitse katundu, ndipo Paulo ndi anzake anapita kukafunafuna okhulupirira mpaka kuwapeza.

Abale ndi alongo, pano pali chimene chikutikhudza. Ambiri a ife timakumbukira bwenzi lakale pamene tasowa pogona. Zaka 10 zimatha osamuimbira foni, koma tikangoona kuti basi ifika usiku, ndi pamene timayamba kufunsa nambala yake. Enanso timafika ku Livingstone, n'kukhala kwa mwana wathu sabata yathunthu, n'kupita kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, n'kujambulitsa zithunzi, n'kubwerera kumudzi osaponda pakhomo pa munthu amene tinabatizidwa naye tsiku limodzi. Iye amadzamva kwa ena kuti munabwera. Mawu amenewo amapweteka kuposa mmene timaganizira. Mathithi aja David Livingstone anawaona mu 1855, ndipo eni dera, a Toka-Leya, anali akuwaona kale kwa mibadwo yambiri. Chaka chamawa adzakhalapobe. Komanso mu Disembala madzi amakhala asanachuluke, amadzaza bwino cha mu Epulo. Koma mnzanu wa ku Dambwa uja, amene tsopano akuyenda ndi ndodo, palibe amene angakulonjezeni kuti mudzamupezanso. Ngati nthawi yachepa, chitani monga Paulo: tumizani uthenga, pangananani malo, ngakhale pa siteshoni ya basi, muonane maso ndi maso.

Chachiwiri, Paulo sankayenda manja lende. Pa ulendo umenewu anali atanyamula chopereka cha mipingo ya ku Makedoniya ndi ku Akaya, chopita kwa osauka a ku Yerusalemu, monga momwe akufotokozera m'kalata yake kwa Aroma, mutu 15. Ndipo polankhula ndi akulu a ku Efeso anawakumbutsa kuti iye ankagwira ntchito ndi manja ake kuti apeze zosowa zake ndi za anzake. Ku Korinto atakhala m'nyumba ya Akula ndi Priskila, ankasoka nawo mahema. Anali mlendo wodziwa kuti chakudya chimene akudya chatuluka m'thukuta la munthu.

Ife a kumudzi timakhala ndi maganizo akuti aliyense wokhala m'tauni ali ndi ndalama. Tiyeni tikonze maganizo amenewa tisanakwere basi. M'komboni chilichonse n'chogula. Ufa n'ngogula, makala n'ngogula, madzi ali ndi bilu, magetsi ndi a mayunitsi, ngakhale chigwada ndi mkhwani zimene ife timangothyola kuseri kwa nyumba, iwo amagula pamsika. Mnzathu amene anapuma pa ntchito ya njanji zaka zambiri zapitazo mwina akusunga zidzukulu zinayi pa kandalama kochepa. Tisaiwalenso kuti mu 2024 chilala chinavuta mpaka boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo chigawo cha Kumwera chinali m'gulu la zigawo zimene zinapsa kwambiri. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo anthu odalira timabizinesi tating'ono anabwerera m'mbuyo. Mabanja sadzuka tsiku limodzi pa zinthu zotere.

Tsono taganizani tikufika anthu asanu popanda kudziwitsa, madzulo a pa 24 Disembala. Mwini nyumba adzatilandira ndi chimwemwe, pakuti ndi mmene tinaleredwera. Adzapha nkhuku imene anasungira ana, adzakongola thumba la ufa pa kantini, ana adzagona pansi kuti ife tigone pabedi. Sadzatiuza kanthu. Koma mu Januwale, sukulu zikamatsegulidwa, iye adzakhala akubweza ngongole ya Khrisimasi yathu. Kodi chimenecho ndi chikondi?

Imbani foni masiku akadalipo, ndipo funsani moona mtima ngati kuli malo. Nenani kuti mukubwera angati, ndi tsiku limene mudzanyamuke. Nyamulani zimene Mulungu anakupatsani kumunda: mtedza, nyemba, mfutso, ufa woyera wa pamphale, nkhuku ya kumudzi. Musadziderere kuti n'zochepa. Kwa munthu amene wakhala zaka 30 kutali ndi kwawo, mfutso wotendera umamufikitsa pakhonde la amayi ake. Akulu anati kupatsa n'kuika. Ndipo inu abambo, kumbukirani kuti katundu wa alendo amagwera amayi a pakhomopo. Inu mukukamba za kale pansi pa mtengo wa mango, iwo ali pa mbaula kuyambira m'mamawa. Auzeni ana amene mwayenda nawo atunge madzi, atsuke mbale, asese pabwalo. Paulo anakhala kwina masiku 7, kwina tsiku limodzi lokha. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo n'chifukwa chake anthu amamulakalaka.

Tsopano tifike pa khomo limene lili pamtima pa nkhani yathu, khomo la Filipo ku Kaisareya. Luka akutikumbutsa kuti Filipo ameneyu anali mmodzi mwa anthu 7 aja amene mpingo wa ku Yerusalemu unawasankha kuti aziyang'anira chakudya cha akazi amasiye. Mukabwerera ku mutu 6 mupeza kuti woyamba pa mndandanda umenewo anali Stefano, wachiwiri Filipo. Ankatumikira limodzi. Tsiku limene Stefano anaponyedwa miyala, mnyamata amene ankasunga zovala za oponyawo, n'kuvomereza imfayo, anali Saulo, yemwe ndi Paulo. Pambuyo pake Saulo ankalowa nyumba ndi nyumba kugwira amuna ndi akazi n'kukawatsekera m'ndende. Akhristu anabalalika, ndipo Filipo anali mmodzi mwa othawawo. Anapita ku Samariya, kenaka anabatiza nduna ija ya ku Etiopiya pa njira ya ku Gaza, n'kukathera ku Kaisareya. Kunena mwachidule, Filipo anakakhala kumzinda wachilendo chifukwa cha chizunzo chimene Saulo ankatsogolera.

Patapita zaka zoposa 20, munthu yemwe uja akugogoda pakhomo pake. Filipo tsopano ali ndi banja, ali ndi ana aakazi anayi amene ankanenera. Akanatha kunena kuti malo palibe, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma Luka sakulemba za mkangano uliwonse. Akungotiuza kuti Paulo ndi anzake analowa m'nyumbamo, n'kukhala masiku angapo. Filipo analandira m'nyumba mwake munthu amene anavomereza imfa ya mnzake. Izi sizichitika ndi mphamvu ya munthu. Zinatheka chifukwa onse awiri anali atakhululukidwa ndi Ambuye mmodzi.

Abale, tikamanena za abwenzi akale tisamaganize za okhawo amene tinasiyana nawo bwino. Pali maubwenzi amene anaduka, ndipo tonse tikudziwa chimene chinawadula. Wina anabwereka ndalama ya ulendo popita kukafuna ntchito, osabweza. Wina anasiya munda kumudzi m'manja mwa mnzake, pobwera anapeza malire asuntha. Wina amayi ake anamwalira kuno, mnzake wa ku Livingstone osabwera ku maliro, ngakhale kutumiza chipepeso. Wina anamva kuti mnzake anamunena. Zaka zapita, tsitsi lachita imvi, koma dzina lake likatchulidwa timangoti chete. Ndiye chaka chino ulendo ukutidutsitsa pa msewu wa kunyumba kwake.

Khrisimasi imene tikupita kukadyayo tanthauzo lake n'lakuti Mulungu anabwera pakhomo pa anthu amene anamulakwira. Sanadikire kuti ife tiyambe. Nanga tidzaimba bwanji za Mwana wobadwa ku Betelehemu m'tchalitchi cha ku Dambwa, pamene nyumba ya munthu amene sitilankhulana naye ili misewu iwiri kuchokera pamenepo? Ngati ngongole ili kwa inu, nyamulani ngakhale gawo lake, mukanene ndi pakamwa panu kuti simunaiwale. Ngati wolakwiridwa ndi inu, pitani mukamupatse moni, mufunse za ana ake. Sitikunena kuti nkhani ya munda ithe tsiku lomwelo. Nkhani zina zimafuna anyakwawa ndi akulu a mpingo. Koma khomo likhale litatseguka. Ngati mukuopa kupita nokha, tengani mkulu wa mpingo wa kumeneko akuperekezeni, monga momwe abale a ku Kaisareya anaperekezera Paulo kunyumba ya Mnasoni.

Tikalowa m'nyumba, tikambe chiyani? Apa ndi pamene maulendo ambiri amaonongekera. Anthu amene anayamba mofanana safika mofanana. Wina ana ake ali ku yunivesite, wina ana ake anamwalira. Wina wakolola matumba ambiri, wina akukhala m'chipinda chimodzi cha lendi. Pakamwa pakayamba kuwerenga ng'ombe ndi malata a nyumba, mnzathu amangomwetulira, koma mumtima akuti bola akanapanda kubwera. Paulo ku Mileto sanawerenge chuma. Anakumbutsa anzake za misozi imene analira nawo, n'kuwalangiza kuti asamale nkhosa za Mulungu ndi kuthandiza ofooka. Ku Kaisareya mneneri Agabo anatenga lamba wa Paulo, n'kudzimanga manja ndi miyendo, posonyeza kuti Paulo akamangidwa ku Yerusalemu. Anzake analira, namuchonderera kuti asapite. Iye anakana, ndipo iwo anasiya nkhaniyo m'manja mwa Mulungu. Awa anali anthu ouzana zoona, ngakhale zowawa.

Ifenso tifunse mafunso enieni, ndipo tikhale chete kuti timve yankho. Thupi lili bwanji? Mankhwala mukulandira? Chimwalirire amayi a kunyumba, amakuphikirani ndani? Mukupemphera kuti masiku ano? Mwina mudzapeza kuti mnzanu anasiya tchalitchi kalekale chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa chokhumudwa. Musamuweruze pa mbale ya nsima yake. Mupempheni kuti mupite limodzi ku mapemphero a Khrisimasi. Mwina mudzapeza kuti analowa mpingo wina, kapena kuti nyimbo za kumeneko ndi za Chilozi ndi Chitonga. Pitani naye ndithu, mukhale pambali pake. Mulungu amamva zilankhulo zonse, ndipo Pentekoste imene Paulo ankathamangira ndi tsiku limene Mzimu anaonetsa zimenezi.

Tichenjezanenso pa chinthu chimodzi. Bwenzi lakale limadziwa munthu wakale amene munali. Ngati ubwenzi wanu unamangidwa pa mowa musanatembenuke mtima, iye adzafuna kuti muyambire pamene munasiyira. Khrisimasi yambiri yathera ku bala, ndalama ya ulendo wobwerera itamwedwa, amayi ndi ana akudikira kunyumba ya eni. Sitikuti mumupewe. Kamuoneni masana, kunyumba kwake, pamaso pa banja lake, mumwe naye thobwa kapena chibwantu, ndipo mumuuze mwaulemu chimene Ambuye anakuchitirani. Akaseka, asekeni naye, koma musasunthe.

Potsiriza, taonani mmene ankatsanzikirana. Ku Mileto anagwada pansi onse, napemphera, nalira kwambiri, makamaka chifukwa Paulo anawauza kuti sadzamuonanso. Anamuperekeza mpaka ku chombo. Ku Turo anatuluka onse, amuna, akazi ndi ana, mpaka kunja kwa mzinda, n'kugwada pa mchenga m'mbali mwa nyanja. Masiku 7 okha anakwana kuti ana a ku Turo aone makolo awo akugwada pagulu ndi mlendo. Ife timakonda kutsanzika mothamanga, chikwama chili pamutu, basi ikuliza hutala. Patulani mphindi zochepa usiku woti mawa munyamuka. Itanani ana ndi zidzukulu za pakhomopo, ambiri a iwo sanaponde kumudzi kwa agogo awo. Auzeni dzina la mudzi wawo, dzina la mfumu yawo, ndi kumene kuli manda a makolo awo. Kenaka gwadani, mutchule aliyense dzina lake pamaso pa Mulungu. Kwa anthu a msinkhu wathu, kutsanzikana kulikonse kungathe kukhala komaliza, ndipo mkhristu sachita mantha kunena zimenezo, pakuti tikudziwa kumene tidzakumanenso.

Tili ndi mawu kwa inu amene simuyenda chaka chino, ndipo ndinu ambiri. Musagulitse feteleza wobereketsa kapena mbuzi ya sukulu ya mwana kuti mupeze ya basi. Udzu wa mu Disembala sudikira munthu, ndipo njala ya chaka chamawa imayamba ndi munda wosiyidwa pa Khrisimasi. Ubwenzi ungathe kuyenda ngakhale inu mutakhala. Ngati wina wa mumpingo mwanu akupita ku Livingstone, mupatsireni kathumba ka mtedza ndi kalata. Ngati muli ndi foni, imbani m'mawa wa pa 25, mupemphere naye mnzanuyo pa foni pomwepo. Ndipo kumbukirani kuti mabasi omwewo akubweretsanso anthu kuno. Wina amene anachoka kale adzatsika pa msewu ndi kachikwama kamodzi, wopanda shuga, wopanda chitenje cha mphatso, akuyenda mwamanyazi. Mukhale Filipo kwa iye. Muyalireni mphasa, mumuphikire chimene chilipo, musamufunse kuti watibweretsera chiyani. Apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wa Kumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha anthu amene munatipatsa pa ubwana ndi pa unyamata wathu, amene lero abalalika ku Lusaka, ku Migodi, ku Livingstone ndi kunja kwa dziko lino. Sungani onse amene akhale pa msewu masiku ano, madalaivala ndi okwera omwe. Dalitsani nyumba za ku Dambwa ndi kwina konse zimene zilandire alendo, kuti ufa usathe m'thumba chifukwa cha chifundo chawo. Tipatseni mtima wa Filipo kuti titsegule khomo kwa amene anatilakwira, ndi kulimba mtima kwa Paulo kuti tigogode pamene tinalakwa. Kumbukirani okalamba, odwala ndi amasiye amene palibe wowayendera. Tumizani mvula yokwanira m'minda yathu. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu, amene anabwera kudzakhala pakati pathu. Amen.

Ambuye akudalitseni nonse, oyenda ndi otsala, mpaka tidzakumanenso pa nthawi ngati yomwe ino.